Tifunseni: Njanji idalekeranji pa Salima osapitirira ku Nkhotakota?

Mwezi uno talandira makalata atatu ofunsa za njanji, ndipo onse achokera kuno kunyanja. Tawaika pamodzi chifukwa yankho la kalata yoyamba ndi limene likuwunikira enawo. Monga mwa nthawi zonse, makalatawa tawafupikitsa ndipo mayina a eni ake tawasunga.

FUNSO LOYAMBA

A Mkonzi, ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito ndipo ndimakhala ku Linga, kuno ku Nkhotakota. Malemu bambo anga ankakonda kunena kuti azungu adali atayeza kale njira yoti njanji idzere pobwera kuno, koma mafumu athu adakana poopa kuti sitima idzatha ng'ombe ndi ana. Ndakula nayo nkhani imeneyi, ndipo ana asukulu akandifunsa ndinkawayankha zomwezo. Tsopano mdzukulu wanga akunditsutsa. Kodi zoona zake ndi ziti, nanga n'chifukwa chiyani njanji idafika pa Salima n'kulephera kutsiriza mtunda wotsalawu?

YANKHO

Aphunzitsi, mdzukulu wanuyo musamukalipire, komanso dziwani kuti bambo anu sadapeke nkhani yonse. N'zoona kuti njanji idakonzedwa kuti ipitirire kumpoto kwa tawuni ya Salima, kungoti kumene inkaloza sikudali ku Nkhotakota. Kudali ku Domira Bay, gombe lomwe lili m'boma la Salima lomwelo. Mafumu tisawasenzetse mlandu umene sadapalamule. M'masiku amenewo njira ya njanji inkagamulidwa ku London ndi ku Zomba, pakati pa boma la atsamunda ndi eni makampani, ndipo mfumu ya kumudzi inkaimva nkhaniyo oyeza malo atafika kale m'munda.

Kuti funso lanu liyankhike bwino tiyenera kuyambira kumunsi kwa Shire, pakuti njanji ya dziko lino idayanga kuchokera kummwera ngati dzungu, ndipo paliponse pamene idakhota idakhotera doko. Njanji isanabwere, katundu wochokera kunja ankalowa pa Chinde, pamathiriro a mtsinje wa Zambezi, n'kupakiridwa m'sitima zing'onozing'ono zapamadzi zimene zinkakwera Zambezi ndi Shire mpaka pa Chiromo kapena kwa Katunga ku Chikwawa. Kumtunda kwa pamenepo Shire ali ndi mathithi, kuyambira pa Kapichira kukafika cha ku Matope, choncho sitimazo zinkabwerera pomwepo. Mtunda wotsalawo udali wa amtengatenga, makolo athu amene ankasenza mitolo pamutu kukwera nayo mapiri mpaka ku Blantyre, ena n'kutsikanso nayo ku Matope kuti ikakwere sitima zopita kunyanja. Azungu a minda ya khofi, ndipo pambuyo pake ya fodya, thonje ndi tiyi, ankadandaula kuti umtengatenga ukuwalanda antchito panyengo yolima komanso kuti zokolola zawo zikuchedwa kufika kumsika. Dandaulo limeneli ndi limene lidabala njanji, osati makosi otupa a osenzawo.

Kampani ya Shire Highlands Railway, imene mmodzi mwa oiyambitsa adali Eugene Sharrer, mwini minda ikuluikulu m'chigawo cha kummwera, idayamba ntchito mu 1903 ndipo sitima idalowa mu Blantyre mu 1908. Poyamba ankafuna kuti njanji iyambire pa Chiromo, koma madzi a Shire ankachepa chaka ndi chaka moti sitima zapamadzi zinkatsakamira pamchenga zisanafike, ndiye adaitsitsa mpaka ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Kuchokera kumeneko idadzera pa Chiromo n'kukwera motsata mtsinje wa Ruo, kudutsa Sandama ndi Luchenza mpaka ku Limbe ndi Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Injini ziwiri za masiku oyambawo, Thistle ndi Shamrock, zidasungidwa, ina ku Limbe ndipo ina ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Chichiri. Mukadzakhala ndi ulendo wa ku Blantyre mudzamutenge mdzukuluyo akaone yekha kuchepa kwa chitsulo chimene chidayamba zonsezi.

Komabe idali njanji yosafika kunyanja ya mchere, ndipo mtsinje udapitirira kuwathawa. Pofika 1915 kampani ina, Central Africa Railway, idali itaitalikitsa kuchoka ku Port Herald kukafika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi m'dziko la Apwitikizi. Mu 1922 njanji ya Trans-Zambezia idatsegulidwa kuchokera kufupi ndi doko la Beira kukafika ku Murraça, tsidya lina la mtsinje womwewo. Pakati padatsala Zambezi mwini wake. Katundu aliyense ankatsitsidwa m'mabogi, kuwolotsedwa pamadzi, n'kupakiridwanso kutsidya. M'chilimwe zowolotserazo zinkakhala pamchenga, m'dzinja madzi ankasefukira n'kukokolola njanji. Mavuto amenewa ndi amene adachititsa kuti amange mlatho wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara, umene kampani ya Cleveland Bridge ya ku England idaumaliza mu 1935. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 3.7, ndipo pa nthawiyo udali m'gulu la milatho ya njanji yaitali kwambiri padziko lonse.

Apa pali mfundo imene mabuku ambiri asukulu amaidutsa mofulumira, koma ndiyo mtima wa yankho lanu. Njanji ya Trans-Zambezia yonse idali m'dziko la eni, komabe boma la Nyasaland ndi limene lidauzidwa kuti liimire ngongole yake, ndipo mlatho utabwera katundu wa ngongoleyo adangolemererapo. Dziko losauka, limene chuma chake chachikulu chinkachokera ku msonkho wa nyumba, lidakhala zaka zambiri likulipirira zitsulo zimene ambiri mwa okhoma msonkhowo sadazionepo. Mlatho wodula chotero unkafunika katundu wambiri wodutsapo kuti udzilipire wokha, ndipo katundu wa ku Blantyre ndi Thyolo yekha sakadakwanira. Maso adatembenukira kumpoto, ku fodya wa ku Lilongwe ndi Dowa, mtedza, thonje la m'mbali mwa nyanja ndi mpunga wa kwanu ku Kota Kota, monga ankalembera dzinalo masiku amenewo. N'chifukwa chake kampani ya Nyasaland Railways, imene idakhazikitsidwa mu 1930 n'kutenga njanji ziwiri zoyambazo, idamanganso gawo la kumpoto, ndipo gawolo lidafika pa Salima mu 1935, chaka chomwecho cha mlatho. Njanji ya Salima ndi mlatho wa Zambezi ndi ana amapasa: wina adabadwa kuti adyetse mnzake.

Njira imene idadzera ndi yofunika kuiyang'anitsitsa. Kuchoka mu Blantyre imatsika kudzera ku Lirangwe, n'kuwoloka Shire pamalo otchedwa Shire North, kenako Utale, Nkaya, Balaka ndi Bilila. Kuchokera pamenepo imalowa m'chigwa cha Bwanje, kudutsa Sharpevale ndi Golomoti, n'kufika pa Mtakataka, kumunsi kwa mishoni ya Mua. Pa Chipoka imayandikira nyanja mpaka wokwera kumaona mafunde pawindo, kenako imabwereranso kumtunda pang'ono, kuwoloka Linthipe n'kulowa mu Salima, mtunda wonsewo kuchokera ku Blantyre uli makilomita oposa 250. Muona kuti idasiya dala mapiri a Ntcheu ndi Dedza kudzanja lamanzere, ngakhale kuti kumeneko n'kumene kudali anthu ochuluka, chifukwa sitima siikonda chitunda ndipo kukumba mapiri kumadya ndalama. Idasankha kutsetsereka m'munsi mwa mapiriwo, pamene nthaka ili yathyathyathya. Kutchipa kumeneko kudali ndi mtengo wake wobisika, pakuti mtsinje uliwonse wotsika m'mapiri a Ntcheu ndi Dedza, monga Rivirivi, Livulezi ndi Linthipe, uyenera kudutsa pansi pa njanjiyi usanafike kumene ukupita, ndipo mvula ikachuluka umafika ndi mitengo ndi mchenga. Mpaka lero njanji ya Salima imadwala matenda amene idabadwa nawo.

Tsono tifike pa Nkhotakota. Omanga njanjiyi sankafuna kulumikiza maboma a m'mbali mwa nyanja; ankafuna kuigwira nyanjayo pamalo amodzi okha, kuti kuchokera pamenepo madzi achite ntchito ya njanji popanda wina kugula chitsulo kapena kumanga mlatho. Pamalo pamene njanji idagundana ndi madzi padali pa Chipoka, makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa Salima, ndipo doko lidakhazikitsidwa pamenepo. Doko litapezeka, ka mtunda kopita ku Domira Bay kadasiyidwa, ndipo Salima adakhala mathero, poyambira msewu wokwera ku Lilongwe. Kumbukiraninso kuti zaka zoyambirira za m'ma 1930 zidali za kugwa kwa chuma padziko lonse, nthawi imene boma lililonse linkawerenga khobidi lililonse kawiri.

Choncho Nkhotakota sadamanidwe mwangozi ayi. M'maganizo a eni njanji, inu mudali mutapatsidwa kale gawo lanu, lomwe lidali sitima yapamadzi, ndipo sizidali zachilendo kwa anthu amene adaona zombo za a Jumbe, mafumu a Chiswahili a ku Nkhotakota, zikuwoloka nyanja njanji isanalotedwe n'komwe. Kampani ya njanji yomweyo ndi imene inkayendetsa sitima zapanyanja. Vipya, imene idamira kumpoto kwa nyanja mu 1946 n'kupha anthu oposa 140, idali yawo. Ilala, imene idayamba kuyenda mu 1951, idapangidwa ku Scotland, idabwera zidutswazidutswa pa sitima yapamadzi mpaka ku Beira, ndipo kuchokera kumeneko zidutswazo zidakwera njanji yomweyi kubwera kunyanja kuno. Munthu wa ku Linga amene adakwerapo Ilala kupita ku Chipoka, n'kutsika kukadikira sitima ya ku Limbe, adayenda njira yeniyeni imene eni njanji adaikonza mu 1935.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, ndalama za njanji zidapita kum'mawa ndi kumadzulo, monga tifotokozere m'yankho lotsatirali, ndipo m'mbali mwa nyanja mudapatsidwa msewu wa M5. Mtunda wa pakati pa Salima ndi Nkhotakota ndi makilomita oposa 100 a madambo, mitsinje yotsika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, komanso thamanda la Chia, kutanthauza milatho yambiri pa katundu wochepa. Ngakhale fakitale ya shuga ya ku Dwangwa itatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, shugayo adakwera malole. Kunena mosabisa, ine ndimaona kuti chimene Nkhotakota adataya kwenikweni si njanji imene sidabwere, koma kufooka kwa maulendo apanyanja amene adaikidwa m'malo mwake.

FUNSO LACHIWIRI

A Mkonzi, ndine mayi wochita malonda a mpunga pa Kamuzu Road ku Salima. Apongozi anga amati kale tawuni ino inkadzuka ndi kulira kwa sitima ndipo ntchito sinkasowa. Ine chikwatiwire kuno ndimangoona njanji ili duu, mbuzi zikudya msipu pakati pake, mwa apo ndi apo n'kudutsa sitima ya katundu. Chidachitika n'chiyani kuti sitima zichepe chonchi?

YANKHO

Mayi, apongozi anu akunena zoona. Kwa zaka 44, kuyambira 1935 mpaka 1979, Salima adali khomo la chigawo chonse chapakati. Pamathero a njanji m'pamene pamakhala ntchito, chifukwa katundu aliyense ayenera kutsika m'bogi n'kukwera lole, kapena kutsika m'lole n'kukwera bogi, ndipo zonsezo zimafuna mapewa a anthu, alonda, makalaliki, nyumba zosungiramo katundu, malo ogona ndi ophika chakudya. Fodya wa ku Lilongwe, Dowa ndi Kasungu ankatsika ndi malole kudzakwera sitima pano kupita ku okushoni ya ku Limbe, imene idatsegulidwa mu 1938. Mchere, nsalu, malata ndi palafini zinkayenda njira yomweyo mobwerera. Sitolo za amwenye ndi midadada ya nyumba za ogwira ntchito kunjanji zidamera mozungulira siteshoni, osati kunyanja, ndipo n'chifukwa chake tawuni yathu ili makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Senga Bay, chinthu chimene alendo ambiri chimawadabwitsa.

Ine amene ndikuyankha makalatawa ndidakwera sitima koyamba pa siteshoni imeneyi ndili mwana, pa ulendo wa ku Balaka ndi agogo anga aakazi. Matikiti adawamanga pa mfundo ya chitenje pamodzi ndi ndalama, ndipo ulendo wonse dzanja lawo silidachoke pa mfundoyo. Tidakhala pa mpando wathabwa, nkhuku ya mnzathu wina itamangidwa miyendo pansi pake. Titafika pa Chipoka, sitima isanaime n'komwe, amayi adali atafika kale m'munsi mwa mawindo, malichero a nsomba zowamba atawakweza m'mwamba ndi manja awiri. Agogo adasankha chambo chimodzi, adatsika mtengo mosafulumira ngati ali pamsika wa kwawo, ndipo sitima itayamba kuyenda wogulitsayo adathamanga nafe m'mbali mwa bogi mpaka adawaponyera chenje chawo pawindo. Siteshoni iliyonse idali msika wa mphindi zochepa, ndipo mabanja ambiri a pa Chipoka, Mtakataka ndi Golomoti adaphunzitsa ana ndi ndalama za pawindo la sitima.

Kusintha kudayamba ndi zinthu zimene pa zokha zidali zabwino. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidafuna doko lachiwiri kuti dziko lisadalire Beira yekha, ndipo mu 1970 lidatsegula njanji ya makilomita pafupifupi 100 kuchoka pa Nkaya, kudutsa Liwonde, kukafika ku Nayuchi pamalire, kumene idalumikizana ndi njanji yopita ku doko lakuya la Nacala. Ndalama zake zidali ngongole yochokera ku South Africa. Kenako likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo likulu lopanda njanji silikadatheka. Mothandizidwa ndi dziko la Canada, njanji idachoka pa Salima n'kukwera chitunda chimene atsamunda adachiopa, kuchoka pa mamita pafupifupi 500 pamwamba pa nyanja ya mchere kukafika pa mamita oposa 1,000, ndipo idafika ku Kanengo mu 1979, n'kupitirira mpaka ku Mchinji mu 1980. Chaka chomwecho cha 1979 okushoni ya fodya idatsegulidwanso ku Kanengo. Kuyambira pamenepo katundu amene ankagona pa Salima adayamba kungodutsa, ndipo tawuni imene inkadya chifukwa chokhala mathero idasanduka siteshoni ya panjira.

Chikhalirecho sitima zikadapitirira kuchuluka pakadapanda nkhondo ya ku Mozambique. Njanji yathu ili ngati mtengo umene nthambi zake zili kuno koma mizu ili kwa eni, ndipo mizu yonse iwiri idadulidwa nthawi imodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za Renamo zidatseka njira ya ku Beira, pofika 1984 ya ku Nacala nayo idaima, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana udaphulitsidwa. Njanji yatsopano ya ku Lilongwe idali isanathe ngakhale zaka zisanu ikugwira ntchito yake mokwanira. Feteleza ndi mafuta zidayamba kubwera pa malole kuchokera ku Durban kudzera ku Zimbabwe ndi Zambia, pa mtengo umene udafinya dziko lonse, ndipo asilikali athu adatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala mkati mwa Mozambique, kumene ena adasiya moyo wawo. Pa nthawi imeneyi Chipoka adaonako kuwala pang'ono, chifukwa boma lidatsegula njira ya kumpoto yodzera ku Dar es Salaam ndi Mbeya, katundu n'kumakwera sitima zapamadzi pa Chilumba kudzatsikira pa Chipoka, pamene adaikapo chimakina chachikulu chonyamulira makontena. Mtendere utabwerera ku Mozambique mu 1992, amalonda adali atazolowera kale malole, ndipo eni malole adali atakula mphamvu. Kasitomala amene wapeza njira ina sabwerera msanga, inu a malonda mukudziwa bwino zimenezi.

Madzi adamaliza zimene nkhondo idasiya. Mu 1997 kusefukira kwa madzi kudadula njanji pa Chiromo, ndipo Bangula ndi Nsanje adalekana ndi Limbe. Mu 1999 boma lidapereka ntchito yoyendetsa njanji kwa kampani ya Central East African Railways, imene ambiri timaitchula kuti CEAR. Mu 2003 mtsinje wa Rivirivi udakokolola mlatho kufupi ndi Balaka, ndipo mpaka 2005 palibe sitima imene inkatha kuchoka kummwera kufika kuno ku Salima kapena ku Lilongwe. Zaka ziwiri n'zokwanira kuti amayi a malichero aja apeze pena pogulitsira ndiponso kuti apaulendo azolowere minibasi, imene imafika ku Balaka sitima isanadutse Golomoti. Tisaiwalenso mbali yathu: kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje kumadzaza mchenga pansi pa milatho, ndipo miyala ya kwale ndi mabawuti zimene ena amachotsa panjanji usiku sizidzibwezera zokha.

Chodabwitsa n'chakuti njanji ya Malawi lero ikunyamula katundu wolemera kuposa kale lonse, kungoti sadzera kuno. Kampani ya Vale ya ku Brazil, imene inkakumba malasha ku Moatize m'chigawo cha Tete, idaona kuti njira yachidule yopita ku Nacala ndi yodula pakati pa dziko lathu. Idamanga njanji yatsopano ya makilomita oposa 130 kuchoka kumalire a ku Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno, kudzalumikiza pa Nkaya, n'kukonzanso gawo la Nkaya mpaka Nayuchi. Njira yonse kuchoka ku Moatize kukafika kudoko ndi makilomita 912, ndipo idatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Mu 2022 Vale idagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan. Mukaima pa Nkaya kapena pa Liwonde mudzaona sitima za mabogi oposa 100 zikudutsa usana ndi usiku. Msana wa njanji, umene kale unkachoka kummwera kupita kumpoto, tsopano wagona chopingasa kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa, ndipo Salima watsala pa nthambi. Sitima ya anthu nayo idatsalira kummwera komweko, pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi.

Nthambi yathuyi sidaume. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta a galimoto kuchokera ku Nacala idadutsa pano n'kukafika ku Kanengo patatha zaka zoposa 20 izi zisakuchitika, ndipo chaka chomwecho ina yochokera ku Beira idafika pa Marka ku Nsanje, pamene ntchito yomanganso gawo la Marka mpaka Bangula idali mkati. Koma ndikuuzeni mosakunyengererani, mayi, kuti sitima ya mafuta kapena ya feteleza siigula mpunga pawindo. Imene ingasinthe malonda anu ndi sitima ya anthu, kapena bogi loti amalonda ang'onoang'ono asonkhane n'kupakiramo matumba awo opita ku Limbe, ndipo zimenezi ndi zimene muyenera kufunsa aphungu anu akabwera kudzachititsa msonkhano.

FUNSO LACHITATU

A Mkonzi, ndili Fomu 3 pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Chipoka. Mnzanga akuti sitima yochoka pa Salima singafike ku Zambia kapena ku Tanzania chifukwa njanji zawo n'zosiyana kukula ndi yathu. Ine ndikuti ingafike. Tapikisana fanta.

YANKHO

Mwanawe, fantayo ndi yako, koma umugawireko mnzakoyo chifukwa nayenso wagwira mbali ina ya choonadi. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji yathu ndi mamilimita 1,067, ndipo muyeso umenewu ndi womwewo ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, komanso pa njanji ya TAZARA imene imachoka ku Kapiri Mposhi ku Zambia kukafika ku Dar es Salaam, mtunda wa makilomita 1,860. Njanji yakale ya pakati pa Tanzania, imene adaiyamba ndi Ajeremani, ndi imene ili yopapatiza, ya mita imodzi, ndipo bogi lathu silingayendepo. Pamenepo mnzako sadalakwe.

Ku Zambia njanji imafika ndithu. Itafika ku Mchinji mu 1980 idadikira zaka 30 kuti ka mtunda ka makilomita pafupifupi 27 kopita ku Chipata kamalizidwe, ndipo kadatsegulidwa mu 2010. Vuto ndi lakuti pa Chipata njanjiyo imathera pompo, monga inkathera pa Salima kale. Siinalumikizidwe ndi njanji zina za dziko la Zambia, ngakhale kuti pakhala pakukambidwa zoipititsa ku Serenje kuti ikakumane ndi TAZARA.

Ku Tanzania nako sitima ingafike, koma mozungulira kwambiri. Tenga mapu a kum'mwera kwa Africa, uike chala pa Chipoka, ndipo utsate zitsulo zokha osadumpha. Utsika ku Nkaya, ukhotere kumadzulo pa njanji ya malasha mpaka ku Moatize, kenako utsike ndi njanji ya Sena, uwoloke Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, umene udakonzedwanso nkhondo itatha, mpaka pa Dondo kufupi ndi Beira. Pamenepo ukhotere kumadzulo kulowa mu Zimbabwe pa Mutare, udutse Harare ndi Bulawayo, uwolokenso Zambezi yemweyo pa Victoria Falls, ukwere kudutsa Lusaka mpaka ku Kapiri Mposhi, ndiye ulowe TAZARA. Chala chako chikamafika pa Mbeya chidzakhala chitadutsa mayiko anayi achilendo ndi kuwoloka Zambezi kawiri, pamene munthu wokwera basi pa Karonga m'mawa amafika ku Mbeya komweko dzuwa lisanalowe.